DVD pa TV yaikulu: ikonzeni kaye musanathamangire Blu-ray

Pa bokosi la pleya ya DVD yomwe mungapeze m'mashopu a ku Kamwala pamalembedwa mawu akuluakulu akuti 1080p Upscaling, kutanthauza kukuza chithunzi kuti chifike mizere 1080, ndipo wogulitsa amati, "A bosi, iyi ndi Full HD, chimodzimodzi ndi Blu-ray." Sakunama kotheratu ayi. Chomwe chikudutsa pa waya kupita ku TV n'chithunzi cha 1080p ndithu. Koma zomwe zili m'chithunzimo ndi za DVD basi. Ine ntchito yanga ndi yokonza ma TV ndi kuwapachika pakhoma m'nyumba za anthu muno mu Lusaka, ndipo anthu amene ali ndi kabati yodzaza zimbale akangogula TV yaikulu amandifunsa zofanana: kodi zonsezi nditaye n'kuyamba kugula Blu-ray? Ndimawauza kuti Blu-ray ndi yabwino kuposa DVD, palibe kukangana, koma m'nyumba zambiri chomwe chikuipitsa chithunzi si DVD. Ndi waya, ndi mmene makina anatcheredwera, nthawi zina ndi chimbale chabodza. Konzani zimenezo kaye, kenako maso anu agamule.

Masamu pang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Chithunzi cha pa TV chimapangidwa ndi timadontho. Chimbale cha DVD cha mtundu wa PAL, womwe timagwiritsa ntchito kuno komanso ku Ulaya, chimasunga timadontho 720 chopingasa ndi 576 chotsika, tonse pamodzi 414,720. Cha ku America, cha NTSC, chili ndi 720 ndi 480, tonse 345,600. Blu-ray, yomwe inatuluka mu 2006, patapita zaka 10 DVD itayamba ku Japan, ili ndi 1920 ndi 1080, tonse 2,073,600. Gawani nokha muone: ndi ka 5 ndendende poyerekeza ndi PAL, ka 6 poyerekeza ndi NTSC. Ndiye kuti DVD ikadzaza sikirini ya Full HD, chimbale chimapereka gawo limodzi mwa magawo 5 a timadontho tomwe mukuona, ndipo totsalato makina amangotiganizira poyang'ana toyandikana nato. Pa TV ya 4K, yomwe ili ndi 3840 ndi 2160, chimbale chimapereka gawo limodzi mwa 20. Zili ngati kuthira madzi mu msuzi alendo akachuluka: poto adzaza, aliyense anyambita, wodziwa kuphika akhoza kuukometsa ndithu, koma nthuli za nyama ndi zomwe zija.

Pali chinthu china chomwe bokosi silinena. TV iliyonse yamakono, yamtundu wopyapyala uja, imakuza yokha chithunzi chilichonse chomwe yalandira. Ikanapanda kutero, DVD bwenzi ikuoneka kachithunzi kakang'ono pakati pa sikirini. Choncho funso si loti chithunzi chikuzidwe kapena ayi. Funso ndi loti ntchitoyo aigwire ndani, pleya kapena TV, ndipo tibwererako.

Yambani ndi chimbale chomwe

Musanagwire rimoti, tembenuzani chikwama cha chimbale muwerenge. Zimbale zija zogulitsidwa m'misewu, zolembedwa kuti mafilimu 10 m'chimbale chimodzi, musaziyesere nkomwe pa nkhani iyi. DVD ya nsanjika imodzi imalowa 4.7 GB, ya nsanjika ziwiri 8.5 GB, ndipo chimbale chenicheni chimapereka malo ambiri mwa amenewo ku filimu imodzi. Mukapanikiza mafilimu 10 mu 4.7 GB, iliyonse yatsala ndi 470 MB. Pamenepo mwabwerera ku nthawi ya VCD, yomwe inali ndi timadontho 352 ndi 288. Pa TV yakale ya chimsana ija ya mainchi 21 zinkabisika. Pa mainchi 55 nkhope za anthu zimasanduka timabokosi toyendayenda, ndipo palibe pleya padziko lapansi yomwe ingazikonze. Anthu ambiri amene amati DVD ndi yonyansa pa TV yawo yatsopano sanaonepo DVD yeniyeni pa TV imeneyo.

Ngakhale zimbale zenizeni sizofanana. Yang'anani kumbuyo kwa chikwama mawu akuti Anamorphic, kapena 16:9, kapena Enhanced for Widescreen TVs. Chimbale chotere chimagwiritsa ntchito mizere yonse 576 pa chithunzi chotambalala. Zimbale zina zakale zinangotenga filimu yotambalala n'kuiika m'kati mwa chithunzi cha 4:3, mizere yakuda pamwamba ndi pansi n'kukhala mbali ya chithunzicho. Pamenepo filimu yatsala ndi mizere 432 kapena kucheperapo, ndipo pa TV yanu imaoneka itazunguliridwa ndi zakuda mbali zonse zinayi. Mukadina Zoom kuti idzaze, imafumbwa. Chimbale chotere, ngati filimuyo mumaikonda, ndicho choyamba kulowetsedwa m'malo.

Waya wachikasu achoke

Apa ndipo pali phindu lalikulu pa ndalama yochepa. Ndinapita kukapachika TV kwa atate ena ku Chilenje, TV yatsopano ya mainchi 50, pleya yawo ili ndi malo a HDMI kumbuyo, olowetsapo waya wamakono wonyamula chithunzi ndi mawu pamodzi, koma iwo analumikiza ndi mawaya atatu aja, wachikasu, woyera ndi wofiira, omwe anatsala pa TV yakale. Ndinaimitsa filimu pomwe panali munthu wovala shati ya timizere. Ndi waya wachikasu, timizereto tinkasefukira mitundu ya utawaleza yomwe pa shatiyo panalibe, ndipo m'mphepete mwa zilembo munkayenda timadontho tonjenjemera. Titaika HDMI zonsezo zinatha, mabatani a shati n'kuyamba kuwerengeka. Iwo anangoti, "Mwana wanga, ndiye mwasintha chimbale?" Chimbale chinali chomwecho.

Chifukwa chake n'chakuti waya wachikasu amasakaniza kuwala ndi mitundu m'njira imodzi, TV n'kumavutika kuzilekanitsanso, ndipo sanyamula chithunzi choposa 576i, cha mizere 576 ija basi. Kukuza konse kolembedwa pa bokosi kuja kumagwira ntchito kudzera pa HDMI. Musalipire ndalama zambiri pa waya wa HDMI wa mitu yagolide. Pa mita imodzi kapena mamita awiri, waya wamba amene sakuthwanimitsa chithunzi amapereka zomwezo. Pleya ikakhala yopanda HDMI koma ili ndi mabowo atatu, obiriwira, abuluu ndi ofiira, olembedwa Y Pb Pr, gwiritsani ntchito amenewo n'kuyatsa Progressive Scan, ngati TV yanu ikadali nawo mabowo otero, poti zambiri zatsopano zilibe. Timabokosi tija tosintha waya wachikasu kukhala HDMI timangothandiza kuti zilumikizike. Chithunzi chimakhala chitawonongeka kale chisanalowemo.

Tsopano lowani mu Setup ya pleya. Pomwe palembedwa TV Type kapena TV Display sankhani 16:9. Pa TV System siyani pa Auto kapena Multi kuti chimbale cha PAL chituluke ngati PAL, cha NTSC ngati NTSC, chifukwa pleya yotchipa ikamasintha kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina, chithunzi chimadukizadukiza kamera ikamayenda chopingasa. Kenako Resolution. Apa musakhulupirire nambala yaikulu. Onerani kagawo komweko ka filimu pa 1080p, mubwerezenso pa 576p. Mukasankha 1080p ntchito yokuza ikugwiridwa ndi pleya, mukasankha 576p mwaisiyira TV. Pleya yotchipa pa TV yabwino, kawirikawiri TV ndi yomwe imapambana. Pleya yabwino pa TV yotchipa, zimatembenuka. Ndipo dziwani TV yanu: zambiri za mainchi 32 zolembedwa HD Ready zili ndi timadontho 1366 ndi 768 basi. Mukaitumizira 1080p, pleya yakweza chithunzi, TV yachitsitsanso, ntchito iwiri yopanda phindu. Pa TV yotere yesani 720p ndi 576p.

Yang'anirani kwambiri zinthu zoyenda. Mavidiyo ojambulidwa ndi kamera ya vidiyo, monga a kwaya ndi a ukwati, amasungidwa pa DVD mizere yodumphadumpha, theka panthawi ina, theka lina panthawi yotsatira, ndipo makina ayenera kuilukanso. Olephera kuluka mudzawadziwa pa dzanja la wotsogolera kwaya: likamakwera ndi kutsika m'mphepete mwake mumaoneka timano-timano. Sankhani njira yomwe timanoto sitikuoneka, ngakhale ikhale ya nambala yaing'ono.

Ku TV komwe kuli zofuna kuzimitsa

TV yatsopano nthawi zambiri imakhala itatcheredwa kuti iwale m'shopu pakati pa zinzake, osati pabalaza panu. Chokani pa Vivid kapena Dynamic, pitani pa Movie kapena Cinema. Poyamba mudzati chithunzi chafiira ndiponso chazilala. Chipatseni madzulo amodzi, maso azolowere, mudzaona kuti khungu la anthu layamba kuoneka ngati khungu.

Sharpness ndiye mdani wamkulu wa DVD, ndipo ndi yomwe aliyense amaikweza poganiza kuti akuthandiza. Siwonjezera kanthu kochokera pa chimbale. Imangojambula kamzere koyera m'mphepete mwa chilichonse. Imitsani chithunzi pomwe munthu wovala zakuda waima kumbuyo kuli thambo, mukweze Sharpness mpaka kumapeto, muone kamzereko kakuzungulira mutu ndi mapewa. Ndiyeno tsitsani pang'onopang'ono mpaka kathe. Pamenepo ndi pamalo pake. Noise Reduction muike pa Low kapena muzimitse, chifukwa ikakwera imafafaniza makwinya ndi ndevu, nkhope n'kukhala yosalala mwachilendo. Chosalaza kayendedwe chija, chomwe LG amachitcha TruMotion, Samsung Auto Motion Plus, Sony Motionflow, ine ndimazimitsa pa mafilimu, ngakhale ena amachikonda pa mpira. Pomaliza pezani chomwe chimaletsa TV kudula m'mphepete mwa chithunzi: Just Scan pa LG, Screen Fit kapena Fit to Screen pa Samsung, Full Pixel pa Sony. Vidiyo yakale ya 4:3 isiyeni ndi mizere yake yakuda kumanzere ndi kumanja. Mukaitambasula kuti idzaze sikirini, abusa ndi kwaya yonse anenepa tsiku limodzi.

Tengani tepi muyeze

Ichi ndicho chimagamula nkhani, koma palibe amene amachichita. Diso la munthu woona bwino lili ndi malire a kuchepa kwa chinthu chomwe lingasiyanitse, ndipo malirewo amadalira mtunda. Powerengera ndi diso lotere, kuti muone zonse zomwe 1080p ili nazo muyenera kukhala pafupifupi mamita 1.3 kuchokera pa TV ya mainchi 32, mamita 1.7 pa ya mainchi 43, mamita 2.2 pa ya mainchi 55. Mukamabwerera m'mbuyo, zina mwa zomwe Blu-ray yawonjezera zimayamba kutayika musanazione. Pa TV ya mainchi 32, mukapitirira mamita atatu, DVD yabwino ndi Blu-ray zimatsala pang'ono kufanana pa kuthwa kwa chithunzi. Pa mainchi 55 muyenera kufika mamita 5 kapena 6 kuti zifanane choncho, ndipo mabalaza ambiri a ku Kabwata kapena ku Matero safika pamenepo. Nyumba zathu zambiri mpando waukulu umakhala khoma lina, TV khoma linalo, pakati mamita atatu kapena kupitirira pang'ono. Pa mtunda umenewo wa mainchi 32 asavutike mtima. Wa mainchi 55 adzaona kusiyana tsiku lililonse.

Kuchuluka kwa timadontho si nkhani yokhayo. Chithunzi cha DVD chimapanikizidwa ndi njira yakale ya MPEG-2 ndipo sichingapitirire ma megabit 9.8 pa sekondi. Blu-ray ili ndi malo a 25 GB kapena 50 GB, chithunzi chake chimafika ma megabit 40, ndipo zimbale zambiri zimagwiritsa ntchito njira yatsopano ya H.264. Kusiyana kumeneku kumaonekera pomwe zinthu zikuyenda zambirimbiri nthawi imodzi: mvula, utsi, madzi a mathithi, khamu la anthu, masamba pamphepo. Pa DVD malo otere amaswekasweka timabokosi, ndipo mdima umaoneka mabangamabanga. Zimenezi diso limazigwira ngakhale muli patali ndithu.

Ndiye yesani nokha, koma moona mtima. Pezani filimu imodzi pa mitundu yonse iwiri. Zikwama zina za Blu-ray zimabwera ndi DVD yake momwemo, kapena bwerekani kwa mnzanu pamodzi ndi makina ake. Lumikizani zonse ziwiri pa HDMI, ndipo onetsetsani kuti mabowo onse awiri atcheredwa mofanana, chifukwa ma TV ambiri amasunga zotchera za bowo lililonse palokha. Khalani pa mpando womwe mumakhalapo masiku onse, osati kuima pafupi ndi sikirini. Rimoti mupatse mwana azisintha osakuuzani. Musayang'ane nkhope yodzaza sikirini, poti DVD imachita bwino pamenepo. Yang'anani zakutali: njerwa za khoma, udzu, tsitsi, maluwa a pa nsalu, anthu ali m'khamu, ndi tizilembo ta mayina kumapeto kwa filimu. Ngati simungathe kunena motsimikiza kuti iyi ndi iti, ndalama yanu isungeni.

Pali zina zomwe ndimaikondera Blu-ray zosakhudza timadontho. Mafilimu a ku sinema amajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, koma DVD ya PAL imawathamangitsa pa 25. Filimu ya maola awiri imatha msanga ndi mphindi pafupifupi 5, ndipo pa zimbale zambiri mawu ndi nyimbo zimakwera pang'ono. Blu-ray imasunga liwiro lenileni. Mawu akenso, a Dolby TrueHD kapena DTS-HD Master Audio, ndi osatayako kanthu, ngakhale kuti pa timasipika ta m'kati mwa TV simudzamva kusiyana. Ndipo musaganize kuti filimu yakale singapindule. Yojambulidwa pa filimu ya 35 mm ili ndi zambiri kuposa zomwe DVD ingasunge, moti mafilimu ena akale ndi omwe amadabwitsa kwambiri pa Blu-ray.

Mukaganiza zogula

Zimbale za Blu-ray sizipezeka wambawamba muno. Zambiri zimabwera ndi achibale ochokera ku Johannesburg kapena ku London, choncho dziwani za zigawo. Blu-ray ili ndi zigawo zitatu, A, B ndi C, ndipo chimbale chokhala ndi loko chimayenda pa makina a chigawo chake okha. Africa yonse ili mu B pamodzi ndi Ulaya, ndiye zimbale za ku UK ndi za ku South Africa zimayenda pa makina amodzi. America ili mu A. Zimbale zina zilibe loko, koma alamu anu a ku America asanatumize ayang'ane chilembo kumbuyo kwa chikwama. DVD ili ndi zigawo zakezake: Zambia ili mu 5, South Africa ndi Ulaya mu 2, America mu 1. Mapleya otchipa a DVD ambiri amaseweretsa chilichonse, koma mapleya a Blu-ray a makampani akuluakulu amatsatira loko ameneyu. Pleya ya Blu-ray imawerenga ma DVD ndipo kawirikawiri imawakuza bwino kuposa pleya yotchipa, koma yakale ija musaipereke kwa mphwanu msanga, mudzaifuna pa zimbale zomwe yatsopanoyo yakana. Makina ochokera ku America muwerengenso kumbuyo: ngati palembedwa 120V yokha, malaiti athu a 230V awapsereza nthawi yomweyo.

Mwinanso makinawo muli nawo kale m'chipinda cha ana. PlayStation 3 ndi PlayStation 4 zimaseweretsa Blu-ray ndi DVD, ndipo PlayStation 3 inatchuka chifukwa chokuza bwino ma DVD. PlayStation 4 imafuna intaneti kamodzi kokha poyamba kuti iyambe kuonetsa mafilimu a pa zimbale. Zimbale za 4K, zotchedwa Ultra HD Blu-ray, zomwe zinayamba mu 2016, siziyenda pa ziwirizi. Zimafuna PlayStation 5 kapena Xbox One S yokhala ndi polowetsa chimbale, kapena pleya yakeyake.

Chenjerani ndi chikwama chabuluu. Ena amaika DVD wamba m'chikwama cholembedwa Blu-ray. Kuyesa kwake n'kosavuta: DVD imawerengedwa ndi kuwala kofiira, Blu-ray ndi kuwala kwabuluu, choncho Blu-ray yeniyeni singayende pa pleya wamba ya DVD. Ikayenda, mwagula DVD.

Zimbale zomwe zilibe Blu-ray

M'makabati omwe ndimatsegula, zimbale zomwe eni ake amazisamala kwambiri si za ku Hollywood. Ndi za ukwati, za kitchen party, za kwaya ya ku tchalitchi, za maliro a agogo kumudzi, za Kulamba ku Mkaika. Zambiri zakale zinajambulidwa ndi makamera a timakaseti ta MiniDV, omwe chithunzi chake ndi 720 ndi 576 chomwecho. Palibe chobisika chomwe Blu-ray ingatulutse pamenepo, ndipo wokuuzani kuti aisandutsa HD akungochita zomwe TV yanu imachita kale. Kwa zimenezi waya wa HDMI, Sharpness yotsika ndi 4:3 yosatambasula ndizo zonse zomwe mungachite pa maonekedwe.

Chodetsa nkhawa pa zimbalezi ndi moyo wake. Tembenuzani muone kunsi: zikakhala zofiirira ngati biringanya, ndi zowotchedwa pa kompyuta, ndipo utoto womwe umasunga chithunzi umafooka ndi dzuwa ndi kutentha. Chimbale chosiyidwa pa windo mwezi wa Okutobala chimayamba kudumphadumpha chopanda ngakhale kukalika. Popukuta gwiritsani ntchito kansalu kofewa, kuyambira pakati kupita kunja, osati mozungulira. Kenako pezani kompyuta yokhala ndi polowetsa chimbale, tsegulani chimbalecho, kopererani foda yonse yolembedwa VIDEO_TS mmene ilili, osaichepetsa, osaitumiza pa WhatsApp, poti kumeneko imafinyidwa n'kutaya zomwe mumafuna kusunga. Pulogalamu yaulere ya VLC imatsegula foda imeneyi ngati chimbale, ndi menyu yake yomwe. Ikani kope imodzi pa kompyuta, ina pa fulashi, ndipo fulashiyo ikakhale kunyumba kwa mbale wanu wina.